Chitini cha Polishi cha a Jailos

Ngati munakapakitsako penti galimoto yanu ku Limbe, pa garaja ya a Shafik, ndiye kuti munakumana naye mdala wina wamtali, wowonda, wovala ovolosi yosita, amene anakuperekezani mpaka pageti uku akukulozani chala. "Miyezi iwiri. Musaipake polishi, musaifundike, musaiyimike pansi pa mtengo. Mwamva?" Anthu amachoka pamenepo akuganiza kuti alankhula ndi mwini garaja. Si eni ake amenewo. Ndi bambo anga, a Jailos Semba, ndipo ndikawamva akukalipira anthu a mataye choncho ndimafuna kuseka, chifukwa ine ndinakula ndikuwaona akunjenjemera ndi belu la pakhomo lomwe.

Anachoka ku Nsanje ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, atanyamula jumbo ya zovala ndi kalata ya abusa. Anapeza ntchito yosesa ndi kuthirira maluwa kwa a Stafford ku Sunnyside. A Stafford ataona kuti munthuyu sathyola zinthu, anawaphunzitsa kuyendetsa galimoto, nkuwapatsa kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu, pafupi ndi mtengo wa mapeyala. Ine Ellen ndinabadwira m'kanyumbako. Amayi anga anamwalirira momwemo. Kumudzi kunalibenso kobwerera, poti madzi osefukira anatenga nyumba, munda ndi manda omwe. Choncho kwa bambo dziko lonse linali kanyumbako ndi makiyi a galimoto amene ankagona m'thumba lawo, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ankadzuka m'mawa uliwonse ndi mantha akuti lero awalanda ziwirizi.

Mantha amenewa anali ndi mawu ake awiri: "Chabwino, bwana" ndi "Chabwino, mayi." Liwu loti ayi silinkawakwana pakamwa. Tsiku limene ine ndinkalowa mpingo, bambo anali ku Mulanje ndi alendo a bwana, chifukwa anawafunsa kuti, "Jailos, uli ndi zochita Lamulungu?" Iwo anayankha kuti alibe. Nkhani imeneyi ndimawakumbutsabe tikayambana.

Panali nthawi imodzi yokha pa sabata imene mapewa awo ankatsika. Loweruka m'mawa ankatulutsa Benzi yakuda ya a Stafford, kuitsuka, kuiumitsa, kenaka nkutenga chitini cha polishi ndi tinsanza tiwiri todula ku vesiti yakale. Ankapaka mozunguza, timizere tozungulira tatikulu ngati sosa ya kapu, kuyambira pa boneti mpaka kumbuyo, uku akung'ung'udza nyimbo ya Chisena. Akamaliza a Stafford ankabwera ndi chipeso, nkumapesa tsitsi akudziyang'anira pa chitseko cha galimoto. Chimenecho ndicho chinali chiyamiko chawo, ndipo bambo ankakhuta nacho sabata yonse.

A Stafford atamwalira, Benzi inakhala zaka zisanu ndi chimodzi pansi pa mtengo wa mapeyala. Dzuwa, mbalame ndi utomoni zinamaliza penti yense. Bambo anapitiriza kuyendetsa mayi Felicia, akazi a malemuwo, pa kagalimoto kena kakang'ono, kutchalitchi ndi kuchipatala. Koma mwana wamwamuna wa pakhomopo, Chrispine, amene amakhala ku Joni, anali atayamba kale nyimbo yake pafoni: mdalayu wakalamba, kanyumbako kakhoza kukonzedwa nkukhala kolowa alendi, madalaivala achinyamata ali mbwee. Mayi Felicia samva bwino, ndiye foni amaika pokweza. Bambo ankamva zonsezi ali pawindo, akudula maluwa.

Kenaka Tamara, mwana wamkazi, anapeza banja. Ananenetsa kuti kutchalitchi adzapita pa Benzi ya bambo ake, ndipo woyendetsa adzakhala a Jailos, amene ankamutengera kusukulu ali ndi mamina m'mphuno. Galimoto anaikonza injini, nkuipititsa kwa a Shafik kuti akaipopere penti watsopano. Inatuluka pa 14 Okutobala, kutatsala masabata atatu kuti ukwati uchitike, ndipo amene anapita kukaitenga anali bambo.

A Shafik anawakhazika pa tayala lakale nkuwafotokozera bwinobwino. "Madala, penti uyu wauma pamwamba pokha. Mkati akadali wamuwisi, akutulutsabe mpweya wake. Zili ngati chilonda chimene chachita nkhanambo. Mukapaka polishi mwamutseka kupuma, ndipo mukapukuta mwamphamvu mumukanda. Miyezi iwiri, mpaka pa 14 Disembala. Ena amati itatu, koma ndi kutentha kuno iwiri yakwana. Madzi okha ndi nsalu yofewa, pamthunzi. Musaifundikenso chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Chabwino, bwana," anatero bambo, ndipo anamvadi. Tsikulo analilemba ndi pensulo kuseri kwa chitseko cha kanyumba kathu.

Vuto linabwera Lachisanu lotsatira. Mayi Felicia anatuluka ndi ndodo yawo, nkuizungulira Benzi pang'onopang'ono. Anaima kutsogolo, nkupendeketsa mutu.

"Yakongola. Koma siikuwala ngati nthawi ya abambo. A Jailos, kapena manja anu atopa?"

Sananene mwaukali. Mwina ankangosewera, mwina ankakumbuka amuna awo. Koma tangoganizani mawu amenewo akugwera m'khutu la munthu amene wakhala akumva pafoni kuti wakalamba. Yankho linalipo, lalifupi: ayi mayi, wopaka penti wati tidikire. Mawu asanu ndi limodzi okha. Bambo anawameza onse.

"Chabwino, mayi. Mawa iwala."

Loweruka anadzuka ndi chitini chawo. Akuti ankafuna kuyesa pa boneti pokha, pang'ono, mopepuza dzanja. Koma dzanja limene lachita chinthu zaka makumi atatu silidziwa kupepuza. Dzuwa la Okutobala linali litakwera, chitsulo chikuotcha, iwo nkumazunguza, nkumazunguza. Boneti inawala ndithu, mayi Felicia anayamikira ali pakhonde, bambo nkuganiza kuti a Shafik amangoopseza anthu. Lolemba m'mawa atapita ndi ndowa yamadzi anapeza boneti yachita chifunga, yotuwa ngati galasi limene munthu wapumirapo, ndipo dzuwa litawomba timizere tonse tinaonekera, tozungulira, tokwerana, kuyambira kumanzere mpaka kumanja.

Anatsuka, sizinachoke. Anatsukanso ndi madzi ofunda. Kenaka mantha anawapangitsa chinthu chachiwiri chimene anauzidwa kuti asachite: anatenga chipepala chakuda cha pulasitiki, chija chofolera nyumba, nkufundika galimoto yonse, nkutsinjiza ndi njerwa. Kwa mayi Felicia ananena kuti akuteteza fumbi. Linali bodza lawo loyamba pakhomo pamenepo.

Ine ndimakhala ku Nkolokosa, ndimagwira ntchito mu shopu ya mankhwala m'tauni, ndipo ndimawayendera Lachinayi lililonse. Sabata imeneyo ndinapeza tiyi wa m'mawa ali chikhalire patebulo, atachita kachikopa pamwamba, buledi ali wosadya. Bambo anali atakhala pampando moyang'ana kukhomo, makiyi ali m'manja. Belu litalira ku nyumba yaikulu anadumpha mpaka mpando unagwa.

"Bambo, mukudwala?"

"Ndili bwino, mwananga."

"Ndiye milomo yaumiranji choncho? Mwapha munthu?"

Anandigwira dzanja, nkunditengera kuseri. Anayang'ana kumawindo kaye, kenaka nkukweza chipepala chija. Kuwonjezera pa chifunga ndi timizere, pulasitiki itatenthedwa ndi dzuwa inali itadinda makwinya ake pa boneti pomwepo. Ngakhale ine wosadziwa za magalimoto ndinaona kuti zafika pa mwana wakana phala.

"Chrispine akufika Lamulungu," anatero monong'ona. "Ndikagona kuti, Ellen? Amayi ako anafera m'nyumba imeneyi."

Apa ndiyenera kudziulula, chifukwa ndi zosavuta kuseka mantha a munthu wina. Nanenso ndinachita mantha, ndipo mantha anga ndi aukali, amafuna wina woti amugwetsere. Atandifotokozera zonse, ndinawauza kuti, "Tamverani, bambo. Palibe amene anakuonani mukufundika chifukwa cha zimenezi. Mayi Felicia sakumbukanso za Loweruka. Chitini ichi nditenga ine. Akakufunsani, simukudziwa kanthu. Penti ndi woipa, basi. Wopaka penti ali ndi garaja, inu mulibe ngakhale khasu."

Bambo anati, "Chabwino, mwananga." Ngakhale ine sanathe kundikanira. Chitini ndinachiika m'chikwama changa pamodzi ndi tinsanza tija, nkupita nacho ku Nkolokosa.

Chrispine anafikadi Lamulungu, ndipo Lachiwiri anavundukula chipepala. Akuti phokoso lake linamveka mpaka kumsewu. Sanawaganizire nkomwe bambo. Anangoti amisiri a ku Malawi ndi momwemo, amasakaniza penti ndi parafini, ndipo mawa lake apita kukamuonetsa mwini garajayo kuti iye si munthu woseweretsa. Bambo anandiimbira foni kundiuza zimenezi. Ndinapempha tchuthi cha theka la tsiku, nkunamizira kuti ndikufuna thandizo la ulendo wopita ku Limbe, kuti ndikakhale pambali pawo nkumawatsina akayamba kufooka.

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Bambo pachiwongolero, Chrispine kumbuyo akutukwana pafoni, ine kutsogolo. Dzuwa linkawomba pa boneti, moti njira yonse timizere tija tinali pamaso pathu penipeni. Thukuta linkatsika m'khosi mwa bambo mpaka kolala inanyowa. Pa Chichiri galimoto inawazimira, chinthu chimene sichinawachitikirepo chiyambire. Maminibasi kumbuyo analiza mahutala, kondakitala wina nkukuwa kuti, "Madala, kapumeni kumudzi!" Chrispine anaseka. Ine ndinkangopemphera kuti tikafike, zithe.

Titalowa pa garaja, Chrispine anatuluka foni ili m'mwamba, akujambula. "Ali kuti mwini wake? Bwerani muone manyazi anu! Ukwati Loweruka, galimoto ya malemu bambo anga, inu nkuchita zimenezi? Vidiyo iyi ikhala pa intaneti lero lomwe, Blantyre yense adziwe. Ndipo kuchoka pano ndikupita kupolisi."

Amisiri anazimitsa makina opopera. Anthu ena amene anabweretsa magalimoto awo anasendera pafupi, wina nkuyamba kufunsa ngati angatenge yake isanapakidwe. A Shafik anatuluka akupukuta manja. Anawerama pa boneti, nkuyang'ana chammbali molunjika dzuwa, nkudutsitsapo kuseri kwa chala, nkununkhiza chalacho. Kenaka anaweramuka nkuyang'ana bambo anga. Anangowayang'ana basi, kamphindi kochepa, ndipo ine ndinadziwa kuti adziwa zonse. Ndinadikira kuti aloze chala.

A Shafik anayang'ana kolala yonyowa ija, ndi makiyi amene bambo anawafumbata m'manja. Ndiye anatembenukira kwa Chrispine.

"Pepani, bwana. Mwina ndi ife. Nthawi zina penti amatikana. Ukwati ukatha mubwere nayo, ndidzapoperanso boneti."

"Mwina? Nenani bwinobwino pa kamera apa kuti ndinu akuba!"

Ndinapuma. Mulungu andikhululukire, ndinapuma mosangalala. Ndinagwira bambo pamkono kuti tibwerere m'galimoto, nkuwatsina monga ndinakonzera. Anachotsa dzanja langa.

"Ndine."

Liwulo linatuluka laling'ono, moti Chrispine sanamve. Anabwereza. "Ndine, Chrispine. Anandiuza bambowa kuti ndisapake polishi miyezi iwiri. Ndinapaka. Anandiuza kuti ndisafundike. Ndinafundika. Mizere iyi ndi ya dzanja langa. Zimitsa foniyo, usawaonongere dzina."

Za mawu a mayi Felicia sananenepo kanthu, ndipo mpaka lero salola kuti ndizinene pamaso pawo. Chrispine anatsitsa foni. Manyazi a kutukwana munthu wosalakwa pagulu anafuna pothawira, ndipo anapapeza. Anatambasula dzanja.

"Makiyi."

Bambo anapereka.

"Mwezi ukamatha mukhale mutatuluka m'kanyumba kaja. Ndakhala ndikunena."

Chinthu chimene anachiopa zaka makumi atatu ndi chimodzi sichinatenge ngakhale mphindi ziwiri. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndimukumbutse mnyamatayo kuti ndani ankamupukuta akadzionongera mu Benzi momwemo, koma bambo anandiposa. Anasendera pawindo, Chrispine atakhala kale pachiwongolero.

"Amene aziyendetsayo umuuze. Maluwa a ukwati amange ndi riboni, asamate ndi selotepi. Ndipo kwina konseku asapake polishi mpaka pa 14 Disembala."

Ndinafuna kukuwa. Munthu akukuthamangitsa, iwe nkumamusamalira galimoto! Benzi inatuluka pageti, ife nkutsala chiimire pafumbi. Tinayenda wapansi kupita kudepoti. Pafupi ndi msika bambo anaima pa mayi wina wootcha chimanga, nkugula ziwiri, nkudya zonse okha, ataima, osandigawira ngakhale njere. Anali asanadye bwino kwa masiku asanu ndi anayi.

Loweruka Benzi anayendetsa mnyamata wina dzina lake Kingsford, boneti itakwiriridwa ndi maluwa. Bambo anakhala kumbuyo m'tchalitchi atavala suti yawo imodzi ija. Tamara potuluka anawafunafuna ndi maso, atawaona analira, koma mkwatibwi sakhala ndi mawu pa tsiku lake. Mayi Felicia anayang'ana kumbali. Mwezi utatha tinanyamula bedi, mipando iwiri ndi chithunzi cha amayi pa kalole, nkubwera nazo ku Nkolokosa. Chitseko cholembedwa ndi pensulo chija chinatsala komweko.

A Shafik ndi amene anawafunafuna. Anati magalimoto amene iwo apaka amabweranso ikatha miyezi iwiri kudzapakidwa polishi koyamba, ndipo anyamata awo alibe dzanja la ntchito imeneyo. Anatinso akufuna munthu woti aziopseza makasitomala pageti, poti iwo akalankhula sawamvera. Ndinabweza chitini chija ndi manyazi anga onse, ndipo bambo sanandifunse kanthu.

Mu Febuluwale, Loweruka lina, ndinawapititsira chakudya chamasana pa garaja. Ndili pomwepo Benzi yakuda inalowa pageti, Kingsford akuyendetsa, mayi Felicia ali kumbuyo. Boneti inali chimodzimodzi, chifunga ndi timizere take. Bambo ataiona anaima njo, mapewa nkukwera m'mwamba ngati kale. Anavula chipewa. Mayi Felicia anatsitsa galasi.

"A Jailos."

"Wawa, mayi."

"Ndinakana kuti boneti aipakenso. Mizere iyi ndinaiyambitsa ndine. Ndinakumbuka tsiku lomwelo zimene ndinanena, koma ndinaopa mwana wanga." Anapukuta m'maso ndi kansalu. "Chrispine anabwerera ku Joni. Kanyumba kaja kali chitsekere. Bwererani kwanu, a Jailos."

Miyezi itatu ndi theka kuti anene zimenezo! Ine lilime linkandiyabwa, koma ndinadziwa kuti palibe chimene ndinganene chimene chingasinthe yankho. Ndinali nditalimva yankho limenelo moyo wanga wonse, ndipo ndinayamba kale kuganiza za kalole konyamula bedi. Bambo anapotokola chipewa m'manja. Anayang'ana Benzi, nkuyang'ana a Shafik amene ankanamizira kukonza payipi, nkuyang'ana ine.

"Ayi, mayi."

Anameza malovu, ngati munthu amene walawa chakudya chachilendo. Kenaka anabwereza, mokweza pang'ono, poti mayi Felicia samva bwino.

"Ayi, mayi. Takhuta, zikomo, koma ayi. Tsikani mukhale pa mpando apo pamthunzi, galimoto yakwana miyezi yake iwiri ija."

Anamuuza Kingsford kuti ayiyimike pansi pa shedi, chitsulo chizizire kaye. Ndiye anapita kukatenga chitini chawo ndi tinsanza tiwiri tija.